Timange m'Chisanu Poganizira Dzinja: Bafa, Chimbudzi ndi Ziweto Zapakhomo

Mwezi wa Juni ukafika kuno ku Copperbelt, ntchito ya kumunda imapepuka. Chimanga chili m'matumba, mtedza wauma, ndipo kandalama ka zokolola kayamba kuoneka. Usiku kumazizira kwambiri, pakuti mizinda ya Kitwe ndi Ndola ili pamalo okwera mamita opitirira 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere. M'mamawa nkhungu imagona m'madambo a Kafue ndi Kafubu, ndipo mwana wasukulu amayang'ana beseni la madzi monga ayang'anira mdani. Masana dzuwa limawala popanda mtambo, ndipo mvula sidzabweranso mpaka Novembala. Imeneyi ndiyo nyengo imene mabanja ambiri amakumbukira kuseri kwa nyumba, kumene kuli bafa la udzu lopendekeka ndi chimbudzi chimene mvula yapitayi inachikumba m'mbali.

Mlimi akamawerenga chuma cha pakhomo pake amatchula khola, nkhokwe ndi dimba, koma kuseri kwa nyumba sakutchula kawirikawiri. Komatu malo amenewa ndi gawo la famu. Madzi ochokera m'bafa amalowa m'nthaka yomweyo imene muli chitsime. Nkhuku imene imapalasa kuchimbudzi m'mawa ndi yomweyo imene imajompha m'mbale ya mwana masana, ndipo nkhumba yoyendayenda kuseriko ndi yomweyo imene tidzapite nayo kumsika. Chotero inu amene muli pa maphunziro, ndi inu amene munamaliza kale ndipo muli ndi makomo anuanu, tikufuna tiganizire limodzi za ntchitoyi, imene banja lingathe kuigwira ndi manja ake. Mfundo yathu ndi imodzi: nthaka youma ya Julayi imanyenga, ndipo amene amanga m'chisanu ayenera kumanga akuganizira mvula ya Febuluwale ndi ziweto zimene zidzayende pamalopo.

Ntchitoyi inagwera eni khomo

Achikulire amene anakulira m'nyumba za mgodi ku Wusakile, Chamboli kapena Mindolo amakumbukira masiku amene mpope ukadontha, kampani ya mgodi ndiyo inkatumiza munthu wodzakonza. Zimenezo zinatha pamene nyumbazo zinagulitsidwa kwa okhalamo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndi pamene migodi ya ZCCM inamaliza kugulitsidwa m'chaka cha 2000. Motsatira lamulo la za madzi ndi ukhondo la 1997, madzi a m'mizinda tsopano ali m'manja mwa makampani ake: Nkana Water ku Kitwe ndi Kalulushi, Kafubu Water ku Ndola ndi Luanshya. Makampaniwa amasamala mapaipi a mumsewu, koma zonse za m'kati mwa mpanda ndi za mwini nyumba. Kwa ife a m'mafamu ang'onoang'ono ozungulira mizindayi, ndi a m'makomboni kumene mapaipi a zonyansa sanafike, chitsime ndi dzenje ndizo zonse zimene tili nazo.

Zaka zaposachedwapa zatikumbutsa kulemera kwa nkhaniyi. Mliri wa kolera umene unayamba mu Okutobala 2023 unafika m'zigawo zonse khumi za Zambia, unagwira anthu opitirira 20,000 ndi kupha opitirira 700. Bwalo la National Heroes ku Lusaka linasanduka chipatala, ndipo sukulu zimene zikanatsegulidwa pa 8 Januwale 2024 zinadikira mpaka pa 12 Febuluwale. Patangopita chaka, pa 18 Febuluwale 2025, damu la zinyalala za mgodi wa Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi linaphulika, madzi a asidi n'kutsika ndi mtsinje wa Mwambashi kukalowa mu Kafue, ndipo mipope ya ku Kitwe inatsekedwa kwa masiku angapo. Pa masiku otere, mpope ukauma, chitsime cha pakhomo chimamwetsa mzere wonse wa nyumba. Ubwino wa madzi a chitsimecho umadalira pamene ife ndi anansi athu tinakumba maenje a zimbudzi.

Malo asankhidwe ndi maso a dzinja

Chigawo chathu chimalandira mvula yochuluka, pafupifupi mamilimita 1,200 pa chaka, ndipo yonseyo imagwa pakati pa Novembala ndi Epulo. Madzi apansi pa nthaka amakwera mvula ikamatha, ndipo amatsika pang'onopang'ono chilimwe chonse. Munthu wokumba mu Julayi angatsike mamita atatu osaona chinyontho, koma dzenje lomwelo likhoza kudzaza madzi mu Febuluwale, zonyansa n'kusefukira pabwalo kapena kuyenda mobisika kupita kuchitsime. Choncho tisanakhome chikhomo choyamba, tiyang'ane m'chitsime chapafupi ndi kufunafuna mzere umene madzi anasiya m'khoma pamene anakwera kwambiri. Ngati mzerewo suoneka, tifunse anansi amene akhala pamalopo zaka zambiri, pakuti safunsa anadya phula.

Muyezo umene a zaumoyo amagwiritsa ntchito ndi wakuti dzenje likhale mamita 30 kapena kuposerapo kuchokera pa chitsime, kumunsi kwake, ndipo pansi pa dzenje patalikirane ndi madzi apansi ndi mita imodzi ndi theka. Chitsime cha mnansi chiwerengedwenso, chifukwa madzi sadziwa malire a puloti. A ku Ndola ndi Masaiti asamale koposa. Pansi pa dera limenelo pali mwala wa laimu, umene unakopa mafakitale a simenti ndi laimu kudzamanga kumeneko. Mwala umenewu umasungunuka ndi madzi n'kusiya ming'alu ndi mapanga, ndipo nyanja ya Chilengwa pafupi ndi Ndola ndi ya Kashiba ku Mpongwe zinabadwa pamene nthaka yotereyi inatitimira. Dothi wamba limasefa zonyansa, koma mng'alu wa m'thanthwe sumasefa kanthu, ndipo umatha kuzitengera kutali msanga. Tikakumana ndi thanthwe losweka pokumba, tisunthe dzenjelo.

Kumene madzi ali pafupi, monga m'mbali mwa dambo la Itawa kapena m'mphepete mwa Kafue, dzenje likhale losazama, ndipo timange khoma lake kukwera pamwamba pa nthaka n'kulizunguliza ndi dothi lotsendera bwino, kuti chimbudzi chikhale pa kachitunda.

Pali lamulo lina limene lili patsogolo pa onse: chakale chisagwetsedwe chatsopano chisanathe. Ntchitoyi imatenga milungu ingapo, ndipo banja likakhala lopanda kolowera, tchire la kuseri ndilo limalandira zonse. Ngati chakalecho n'choopsa kulowamo, tiyambe takumba kadzenje kongoyembekezera, kokhala ndi mpanda ndi chivundikiro.

Dzenje, njerwa ndi silabu

Dzenje lozungulira limalimba kuposa la ngodya zinayi. Likhale mita imodzi m'mimba mwake, ndipo kumene madzi alola, litsike mamita atatu. Munthu mmodzi amasiya m'dzenje malita 40 mpaka 60 a zotsalira pa chaka, motero dzenje lotere lingatumikire banja la anthu asanu ndi mmodzi zaka zisanu kapena kuposerapo, malinga ngati sititayamo mabotolo, mapulasitiki ndi matewera. Wokumba asakhale yekha: pamwamba pakhale mnzake ndi chingwe, ndipo dothi lotuluka liunjikidwe patali ndi m'mphepete. Theka la mita lapamwamba, kapena mita yonse ngati nthaka ndi yamchenga, limangidwe ndi njerwa zowotcha, chifukwa pamenepo ndi pamene madzi a mvula amayambira kugumula.

Kuno chulu chachikulu ngati nyumba si chachilendo, ndipo dothi lake limaumba njerwa zolimba. Njerwa zoumbidwa mu Juni zimauma bwino, koma mphepo ikazimenya msanga zimang'ambika, choncho tiziphimbe ndi udzu masiku oyamba. Kuwotcha njerwa kumadya mitengo yambiri. Tingawotche zokwanira kukhosi kwa dzenje ndi mizere yapansi ya khoma, ndipo kumtunda tingamange ndi zidina, bola denga litulukire kunja mokwanira kuti mvula isamenye khoma.

Silabu ndiyo mtima wa chimbudzi. Pa dzenje la mita imodzi, silabu ya mita imodzi ndi masentimita 20 m'mimba mwake, yochindikala masentimita 7 kapena 8, ndi yokwanira. Tisakanize ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga wa kumtsinje wopanda dothi, ndi zinayi za miyala yoswa, ndipo m'kati tiyale zitsulo zopingasa motalikirana masentimita 15. Thumba limodzi la makilogalamu 50 limakwana silabu n'kutsalako womangira njerwa. Bowo lisapitirire masentimita 18 m'lifupi, kuti mwana asaope ndiponso asagweremo.

Apa ndi pamene nyengo yozizira imafuna kudekha. Konkire amalimba chifukwa simenti akugwirana ndi madzi, ndipo akauma msanga kugwiranako kumaima. Kuzizira kumachedwetsa ntchitoyi, ndipo kukatsika kufika pa madigiri 5 imangotsala pang'ono kuima, pamene mphepo youma ya masana imamwa madzi apamwamba n'kusiya ming'alu. Chotero tithire konkire chakum'mawa dzuwa litatentha, kuti ayambe kugwira usiku usanafike. Madzulo timuphimbe ndi pulasitiki, pamwamba pake masaka kapena udzu wochindikala. Tizimuthirira madzi m'mawa ndi masana kwa masiku osachepera asanu ndi awiri, ndipo m'chisanu ndi bwino kufikitsa khumi tisanayese kunyamula. Mphamvu yake yokwanira imafika pa masiku 28. Silabu yotere imalemera pafupifupi makilogalamu 200, ndipo mutu umodzi susenza denga: tiitane anzathu anayi kapena asanu, tiikhazike pa njerwa, ndipo anthu angapo aimepo pamodzi isanaikidwe pa dzenje.

Chimbudzi chimafuna mphepo

Chimbudzi cha paipi, chimene ambiri amachitcha VIP, chinabadwira kwa anansi athu. Dr Peter Morgan anachikonza m'zaka za m'ma 1970 pa Blair Research Laboratory mumzinda umene lero ndi Harare, ndipo ku Zimbabwe mpaka pano amachitcha Blair. M'chaka cha 2013 iye analandira mphoto ya Stockholm Water Prize chifukwa cha ntchito zotere. Nzeru yake ndi yapafupi. Mphepo ikamadutsa pamwamba pa paipi imakoka mpweya wa m'dzenje, ndipo mpweya watsopano umalowa pakhomo n'kutsika pabowo, kotero kuti fungo limatulukira padenga. Ntchentche zimene zaswera m'dzenje zimathamangira kowala. Poona kuwala kumapeto kwa paipi zimakwera, n'kupeza kasefa kotchinga, ndipo zimafera komweko.

Kuti zimenezi zitheke, paipi ikhale ya mamilimita 110, yoongoka, ndipo ipitirire denga ndi theka la mita. Ikhale kumpoto kwa kanyumbako, kumene dzuwa la miyezi ino limadutsa, popeza paipi yofunda imathandiza mpweya kukwera. Kasefa kakhale ka maso ang'onoang'ono ndiponso kosachita dzimbiri msanga, ndipo miyezi ingapo ikapita tizithira ndowa ya madzi kuchokera pamwamba kuti akokolole ukonde wa akangaude. M'kati mukhale kamdima pang'ono, bowo lisavundikiridwe, ndipo khomo liyang'ane kumene mphepo imachokera, kumene kwa ife m'chilimwe ndi chakum'mawa. Amene alibe ndalama ya paipi asataye mtima. Chimbudzi chopanda paipi chimatumikira bwino ngati bowo lili ndi chivundikiro chothina chokhala ndi chogwirira, ndiponso ngati tithiramo kaphulusa tsiku ndi tsiku.

Pafupi ndi khomo pakhale posambira m'manja. Mpondagiya, kachigubu kopachikidwa pa mtengo kamene kamapendekeka munthu akaponda ndodo, safuna ndalama. Sopo amangidwe pa chingwe pamwamba, pakuti makoswe ndi mbuzi amadya sopo wosiyidwa pansi.

Bafa limakana mphepo

Pamene chimbudzi chifuna mphepo, bafa limaikana. Chimene chimathawitsa ana kusamba mu Julayi ndi mphepo yolowa pakati pa udzu n'kumenya thupi lonyowa. Khoma la kum'mawa ndi la kumwera likhale lotseka bwino, la njerwa kapena la udzu wosanjikiza kawiri, ndipo khomo liyang'ane kumpoto kapena kumadzulo, kumene dzuwa la masana lingalowere. Ngati tifolera, lata limodzi loonekera limalowetsa kuwala ndi kutentha, koma pakati pa khoma ndi denga pakhale mpata woti nthunzi izitulukira, kuti nkhungu yakuda isamere m'makoma.

Pansi patsetsereke masentimita awiri pa mita iliyonse kulowera kumene madzi adzatulukire. Posalaza tigwiritse thabwa m'malo mwa chitsulo, kuti pakhale pokhakhala pang'ono, chifukwa simenti woterera akakumana ndi sopo amagwetsa agogo ndi amayi oyembekezera. Madzi a m'bafa asalowe m'dzenje la chimbudzi, pakuti amalidzaza msanga ndi kufewetsa makoma ake. Apite m'dzenje laolao lakuya mita imodzi, lodzazidwa ndi miyala ndi zibenthu za njerwa, lophimbidwa pamwamba. Kuzungulira dzenjelo tibzale nthochi, nzimbe kapena mapapaya. Banja likamasamba tsiku ndi tsiku, mbewu zimenezi zimamwa chilimwe chonse popanda wonyamula ndowa. Madzi amenewa asathiriridwe pa ndiwo zamasamba zodyedwa zosaphika. Chithaphwi chosiyidwa kuseri kwa bafa chimaswetsa udzudzu, ndipo abakha ndi nkhumba amachikuza mpaka chimadya maziko a khoma.

Kufunditsa madzi nakonso kwakhala nkhani ya ndalama. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala cha chaka chimenecho chinali tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba anatsika, magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, ndipo mabanja ochuluka anabwerera ku makala, amene kuno timawatcha malasha. Komatu dzuwa la Julayi ndi laulere. Chigubu chakuda cha malita 20 chikaikidwa m'mawa pamalo obisika ku mphepo, pamwamba pa lata, chimakhala ndi madzi ofunda pofika chakumadzulo. Ana asambe nthawi imeneyo dzuwa lisanalowe, ndipo m'mawa angosukusula.

Pothira madzi m'beseni tiyambe ndi ozizira, kenaka otentha, chifukwa mwana wokwawa amafika pa beseni mayi atangotembenuka. Ngati wina wapsa ndi madzi, tithire madzi oyera ozizira pamalopo kwa mphindi 20, tisapakepo dzira, mafuta kapena mankhwala otsukira mano, ndipo tipite naye kuchipatala.

Chenjezo lalikulu ndi la mbaula. Bafa likakhala lotseka bwino, maganizo olowetsamo mbaula kuti mufunde amabwera okha. Makala oyaka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu, ndipo amautulutsa ngakhale atafiira bwino opanda utsi. Mpweyawu umalanda malo a mpweya wabwino m'magazi. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi nseru, kenaka amafooka osatha ngakhale kutsegula chitseko. Mbaula isalowe m'bafa kapena m'chipinda chogona chotseka. Tikapeza munthu atakomoka pamalo otere, timutulutsire panja msanga ndi kuthamangira naye kuchipatala.

Ziweto nazo zikufuna pofunda

Kuzizira kumene kumativuta ife kumavutanso ziweto, ndipo zimafunafuna pofunda pamalo omwewo amene tikugwirapo ntchito. Galu amagona pa dothi lofunda la m'mphepete mwa dzenje, thadzi limatsogolera anapiye ake pansi pa udzu wophimba silabu, ndipo mphaka amaona mulu wa mchenga ngati chimbudzi chake. Choncho madzulo aliwonse dzenje liphimbidwe ndi mitengo ndi malata otsamiritsidwa ndi miyala, kaamba ka ziweto ndi ana omwe. Silabu yaiwisi izunguliridwe ndi minga kapena waya. Mapazi a galu pa konkire amaseketsa, koma simenti wosauma amawotcha khungu, ndipo chiweto chikapondamo tichitsuke mapazi ndi madzi ambiri nthawi yomweyo. Nafenso tivale nsapato za jombo ndi zotchinga m'manja. Mchenga uphimbidwe ndi pulasitiki, popeza ana amaseweramo, ndipo ndowe za mphaka zimatha kukhala ndi tizilombo toopsa kwa mwana amene ali m'mimba.

Bafa latsopano likatha, lisasanduke chogona cha ziweto. Ndi malo achinyontho, ndipo anapiye amafa msanga ndi chinyontho chophatikizana ndi kuzizira. Mlungu woyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35, pamalo ouma oyalidwa utuchi kapena mankhusu, ndipo amene afunditsa anapiye ndi mbaula asiye polowera mpweya. Zitosi za nkhuku pamene ana aang'ono amakwawa ndi kusamba zimabweretsa matenda otsegula m'mimba, chotero chitseko cha bafa chifike pansi.

Njerwa ndi lata zimene zatsala zimangire galu kanyumba kake, kofulatira mphepo, koyalidwa masaka amene tingawaanike padzuwa kuti utitiri uthawe. Galu wokhala ndi pogona pake salowa m'bafa kapena kukhitchini, ndiponso sayendayenda usiku kukakumana ndi agalu achilendo. Lamulo la Zambia la kasungidwe ka agalu limafuna kuti galu alandire katemera wa chiwewe, ndipo ofesi ya zanyama ya m'boma lathu ndiyo yotithandiza. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro mwa munthu sichichizika. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Nkhumba ndi chitseko cha chimbudzi

Kwa mlimi, nkhani ya nkhumba ndiyo imaonetsa bwino kuti chimbudzi ndi gawo la famu. Ambiri tinaonapo nyama ya nkhumba yokhala ndi timatuza toyera ngati njere za mpunga, timene kwathu kum'mawa amatitcha masese. Timatuzato ndi ana a njoka ya m'mimba yaitali ngati lamba. Munthu akadya nyama yotere yosapsa bwino, njokayo imakula m'matumbo mwake, ndipo mazira ake amatuluka ndi chimbudzi chake. Nkhumba yoyendayenda ikadya zimenezo, mazirawo amaswa n'kukakhala m'minofu yake, ndipo ulendo umayambiranso.

Choopsa kwambiri chimachitika pamene munthu ameza mazirawo kudzera m'manja osasamba, m'madzi kapena pa masamba osatsuka. Pamenepo timatuzato timamera m'thupi mwa munthuyo, ngakhale muubongo, ndipo timayambitsa khunyu. Bungwe la World Health Organization limanena kuti m'madera ambiri kumene anthu amakhala pafupi ndi nkhumba zoyendayenda, pafupifupi atatu mwa odwala khunyu khumi alionse anadwala chifukwa cha njokayi. Ngakhale munthu amene sadya nkhumba angathe kudwala, malinga ngati pakhomo kapena kwa anansi pali wina amene ali ndi njokayo.

Kutayika kwa ndalama nakonso n'koonekeratu. Ogula nkhumba amayang'ana pansi pa lilime, ndipo akapeza timatuza amatsitsa mtengo kapena kuikana. Woyeza nyama akaipeza amaletsa kuti igulitsidwe. Gaga ndi madeya a miyezi yambiri amapita pachabe. Mankhwala alipo a munthu ndi a nkhumba yomwe, koma chimene chimadula ulendowu ndi chimbudzi chogwiritsidwa ntchito ndi onse, chokhala ndi chitseko chotsekeka, pamodzi ndi khola limene nkhumba siitulukamo. M'chilimwe, pamene minda ilibe mbewu, ambiri amamasula nkhumba kuti zidzifunire chakudya, ndipo imeneyi ndiyo nyengo yomweyo imene timagwetsa zimbudzi zakale. Chimbudzi cha ana aang'ono chitayidwenso m'dzenje, chifukwa nachonso chimanyamula matenda monga cha akulu.

Kwa a m'nyumba za mipope

Ena mwa inu mumakhala m'nyumba zakale za mgodi kapena za khonsolo, ku Chimwemwe, Ndeke, Chifubu kapena Kabushi, zokhala ndi bafa ndi chimbudzi cha madzi. Zambiri mungakonze nokha: kusintha kalabala ka mumpope wodontha, kukonza kathanki kamene madzi ake sasiya kuyenda, kumata ming'alu ya pansi, ndi kupaka laimu kapena penti m'makoma, ntchito imene imauma bwino nyengo ino. Kuti mudziwe ngati pali podontha pobisika, tsekani mipope yonse usiku ndi kuwerenga mita, ndipo muiwerengenso m'mawa. Pochotsa chimbudzi chakale, tsekani kukamwa kwa paipi ndi chiguduli, kuti makoswe, mphemvu ndi mpweya woipa zisalowe m'nyumba.

Koma zinthu zitatu musazigwire nokha. Choyamba ndi waya wa magetsi wopita ku giza kapena ku nyali ya m'bafa. Ameneyo ndi wa katswiri, ndipo magetsi akazima musayese kuti waya wafa, pakuti amabwerera osagogoda. Chachiwiri ndi kulumikiza paipi yanu ku paipi yaikulu ya mumsewu, kumene kumafuna chilolezo cha kampani ya madzi. Chachitatu ndi malata a asibesitosi amene anafolera nyumba zambiri zakale. Akakhala athunthu savuta, koma kuwadula, kuwaboola kapena kuwapala kumatulutsa fumbi limene limawononga mapapo patapita zaka zambiri. Zidutswa zake zisafolere khola la nkhuku kapena kanyumba ka galu.

Dzenje lakale ndi miyezi imene yatsala

Chimbudzi chatsopano chikayamba ntchito, dzenje lakale likwiriridwe ndi dothi lochindikala theka la mita, ndipo likatitimira tiwonjezerenso. Mvula ikayamba tibzalepo mango, gwafa kapena peyala, n'kutchingira mbuzi. Peter Morgan yemwe uja anaphunzitsa njira imeneyi pansi pa dzina lakuti Arborloo, ndipo mtengo wobzalidwa pamalo otere umakula mwamphamvu. Amene afuna kufukula zotsalirazo kuti akathire kumunda adikire chaka chathunthu kapena ziwiri, chifukwa mazira a njoka za m'mimba amakhala amoyo nthawi yaitali.

Ntchitoyi imakoma anansi akaigwirira pamodzi, pakuti ntchentche, nkhumba ndi madzi apansi zimadutsa mipanda. Ku Choma, Mfumu Macha inatsogolera midzi yake kuchokera mu 2007, khomo lililonse likudzimangira chimbudzi chake, ndipo mu 2009 dera lonselo linalengezedwa kuti lasiya kupita kutchire. Makomo asanu angathe kugawana chikombole chimodzi cha silabu, wilibala imodzi ndi ulendo umodzi wa mchenga.

Masiku ndi owerengeka. Juni ndi woyang'ana malo ndi kuumba njerwa. Pofika nthawi ya chionetsero cha zamalonda cha ku Ndola, kumayambiriro kwa Julayi, dzenje likhale litakumbidwa ndipo silabu ikhale pansi pa udzu wake. Ogasiti ndi womanga makoma ndi kufolera, Seputembala ndi wokumba ngalande yopatutsa madzi a mvula kumtunda kwa kanyumbako. Okutobala akafika ndi kutentha kwake, maganizo onse adzabwerera ku mbewu ndi feteleza. Mu Febuluwale, mvula ikagwa masiku atatu osalekeza, tidzapite kuseri kwa nyumba tikaone ngati khosi la dzenje lili chilili, ngati madzi a m'bafa akulowa pansi pa nthochi, ndiponso ngati madzi a m'chitsime akali oyera.